Mthenga wabwino ndi amene amavomera kuti sanamve

Lachinayi lapitali mayunitsi anatithera usiku, mpunga uli pamoto. Ndinagula ena pafoni n'kuyamba kulowetsa manambala 20 aja pamita, mumdima. Mita inakana. Ndinabwereza, inakananso. Ndinali nditayamba kale kung'ung'udza kuti ndalama yanga yapita, koma mwana wanga atandiwerengera manambalawo imodziimodzi tinapeza kuti pamene panali 8 ine ndimadina 3. Titakonza magetsi anayaka, mpunga n'kupsa.

Mtima utakhala pansi ndinadzifunsa kuti, kodi mita ija inadziwa bwanji kuti ndalakwitsa? Sinaone foni yanga, ndipo sinaimbire munthu aliyense kufunsa. Chinsinsi chake n'chakuti manambala 20 amenewo sanena kuchuluka kwa magetsi kokha. Gawo lina la uthengawo ntchito yake n'kulondera linzake. Mita imachita masamu pa zimene mwalowetsa, n'kuyerekeza zotsatira zake ndi zimene mlonda uja akunena. Zikapanda kugwirizana imakana, ndipo imachita bwino kukana.

Sabata ino, awerengi anga, ndikufuna tikambirane za alonda amenewa, koma tichoke pamita ya kunyumba tipite m'fakitale. Kumeneko nambala yolakwika ingathe kudya moyo wa munthu.

M'fakitale yaikulu iliyonse, kaya ndi ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ya shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, kapena kunkhokwe zosungira mafuta a galimoto, muli zinthu zoyenera kuyezedwa usana ndi usiku: kutentha kwa ng'anjo, mphamvu ya nthunzi m'mapaipi, pamene mafuta afika m'thanki, kunjenjemera kwa mota imene yayamba kutha. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi tizipangizo totchedwa masensa. Sensa imayeza n'kutumiza nambala kuchipinda kumene opareta amakhala akuyang'ana sikirini. Opareta sangalowe m'thanki kukadzionera yekha. Zimene sensa yamuuza ndi zimene amakhulupirira, ndipo ndi zimene amatsegulira kapena kutsekera valavu.

Kwa zaka zambiri uthenga umenewu wakhala ukuyenda pa waya, ndipo mainjiniya akale anachitapo kanthu kanzeru kamene ine ndimakakonda. Sensa imatumiza kamphamvu ka magetsi koyambira pa mamiliampeya 4 kulekezera pa 20. Thanki ikakhala yopanda kanthu waya amanyamula 4, ikadzaza amanyamula 20. Bwanji osayambira pa 0? Chifukwa 0 anamusungira ntchito ina. Opareta akaona 0 amadziwa kuti waya waduka kapena sensa yafa. Mwa njira imeneyi "m'thanki mulibe kanthu" ndi "sindikumva kanthu" amakhala mawu awiri osiyana. Isungeni mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Koma waya ndi wodula. Kuti afike ku thanki imene ili kumapeto kwa mpanda pamafunika kukumba ngalande, kuika mapaipi omutetezera, mwinanso kuimitsa ntchito masiku angapo. Pa chitsulo chimene chimazungulira sungamangirepo waya. Kwathu kuno palinso vuto lina lodziwika bwino: waya wa kopa amakopa akuba. N'chifukwa chake mafakitale padziko lonse ayamba kuika masensa oyendera batire, otumiza uthenga kudzera m'mafunde a wayilesi. Mu 2007 kunakhazikitsidwa ndondomeko yotchedwa WirelessHART, ndipo mu 2009 inzake yotchedwa ISA100.11a. Zonse ziwiri zinapangidwira ntchito imeneyi.

Komatu walira mvula walira matope. Kwa wayilesi, fakitale ndi malo ovuta kwambiri. Choyamba ndi zitsulo. Mafunde a wayilesi akagunda thanki, denga la malata kapena paipi yaikulu amabwerera, monga mmene mawu amabwerera ukafuula m'tchalitchi mopanda anthu. Wolandira amamva uthenga womwewo kangapo, wina wobwera molunjika, wina wochedwa pang'ono chifukwa wazungulira. Masensa ambiri a m'fakitale amagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, amene funde limodzi kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 12 okha. Mafunde awiri akakumana motsutsana amazimitsana. Tsono sensa imene dzulo imamveka bwino, lero ingathe kukhala chete chabe chifukwa lole yaima pabwalo.

Chachiwiri ndi phokoso la magetsi. Mota yaikulu ikamayamba kuzungulira, kapena wowotcherera zitsulo akayatsa moto wake, mumlengalenga mumadzaza phokoso limene khutu silimva koma wayilesi imalimva. Amene anamverapo wayilesi pafupi ndi shopu yowotcherera akulidziwa. Chachitatu ndi kuthithikana. Mafunde a 2.4 GHz ndi msewu wa aliyense: Wi-Fi ya mu ofesi, Bluetooth ya m'mafoni a antchito, ngakhale uvuni wa microwave wa m'kantini. Kasensa ka batire kamanong'ona pakati pa msika.

Uthenga wa makina umayenda ngati mndandanda wa 0 ndi 1, ndipo kanambala kamodzi ka mtundu umenewu akatswiri amakatcha bit. Phokoso likafika limatha kutembenuza 1 kukhala 0. Musaone kuchepa. Nambala 200 makina amailemba chonchi: 11001000. Mukatembenuza bit yoyamba yokhayo imakhala 01001000, imene ndi 72. Chitsulo chatentha madigiri 200, sikirini ikunena 72, opareta n'kuwonjezera moto. Ma bit 7 afika bwinobwino, imodzi yokha ndiyo yanama, koma bodza lake n'lokwanira kuvulaza anthu.

Mankhwala a vuto limeneli tonse timawadziwa, chifukwa chinenero chathu chimawagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Wina akufuulireni kuchokera kutsidya kwa dambo kuti, "Mbuzi zanu zitatu zalowa m'munda!" Ngakhale mphepo itenge mawu oyamba, mumvabe "zanu zitatu zalowa", ndipo mudziwa kuti sakunena ana, sakunenanso galu mmodzi. Ka "z" kaja kabwerezedwa katatu. Wina anganene kuti n'kutaya mpweya, koma kubwereza kumeneko n'kumene kumapulumutsa uthenga mphepo ikaomba. Chimodzimodzi mukalandira meseji yakuti "ndafka bwno ku Lilngwe" simuvutika kuiwerenga. Mawu amanyamula zambiri kuposa zimene zikufunika, ndipo zotsalazo ndizo zimakwirira pamene paperewera.

Mu 1948 katswiri wa masamu wa ku America, Claude Shannon, anaika nzeru imeneyi m'masamu. Anasonyeza kuti njira iliyonse yotumizira uthenga, ngakhale ikhale yaphokoso, ili ndi mlingo wake. Ukamatumiza mosapitirira mlingowo, n'kuwonjezera alonda mwaluso, ungachepetse zolakwa kufikira pamene ukufuna. Phokoso silichoka, koma uthenga umadutsa. Shannon anatsimikiza kuti zimenezi n'zotheka. Kupeza njira zenizeni zochitira kunatsalira ena.

Mlonda wosavuta kuposa onse ndi uyu. Musanatumize, werengani ma 1 amene ali mu uthenga wanu. Akakhala osagawika pawiri, onjezani 1 wina kumapeto. Akakhala ogawika, onjezani 0. Ndiye kuti uthenga uliwonse wochoka kwa inu uli ndi ma 1 ogawika pawiri. Wolandira akawerenga n'kupeza atatu kapena asanu, adziwa kuti penapake pasokonekera. Koma mlonda ameneyu amangokuwa kuti kwabwera wakuba, sanena khomo limene walowera. Komanso ma bit awiri akatembenuka pamodzi, iye saona chilichonse.

Kufooka kwa mtundu umenewu n'kumene kunakwiyitsa Richard Hamming, mnzake wa Shannon ku Bell Labs. Cha m'ma 1947 iye ankapeza mpata pa makina owerengetsera a kampaniyo kumathero a sabata kokha, nthawi imene panalibe munthu wowayang'anira. Ankasiya ntchito yake Lachisanu madzulo. Makinawo akapeza cholakwa ankangoisiya ntchitoyo n'kutenga ina, ndipo Lolemba m'mawa Hamming ankapeza palibe chimene chachitika. Zitatero masabata awiri otsatizana anadzifunsa kuti, ngati makina angadziwe kuti palakwika, chowaletsa n'chiyani kupeza pamene palakwikapo n'kukonza okha? Yankho lake analisindikiza mu 1950.

Nzeru yake tingaimvetse ndi buku la kalaliki wa pamsika wa chimanga. Alimi atatu abweretsa matumba masiku atatu. Kalaliki walemba mlimi aliyense pa mzere wake wopingasa, tsiku lililonse pa mzere wake wotsika. Kenako waphatikiza mzere uliwonse wopingasa n'kulemba zonse pamodzi kumapeto, waphatikizanso mzere uliwonse wotsika n'kulemba pansi. Pokopera m'buku lina, wina walemba 1 pamene panali 7. Woyendera mabuku akabwera apeza kuti mzere wa mlimi wachiwiri ukuperewera ndi 6, ndipo mzere wa Lachitatu ukupereweranso ndi 6. Pamene mizere iwiriyo yadutsana ndi pamene pali cholakwa, ndipo kukula kwake kukudziwika. Akonza yekha, osaitanitsa mlimi, osawerenganso matumba.

Hamming anapeza njira yochitira zomwezo ndi alonda ochepa. Pa ma bit 4 a uthenga amawonjezerapo 3, iliyonse yolondera gulu lake, magulu ake olowana. Imodzi mwa ma bit 7 amenewo ikatembenuka, kungoona kuti ndi alonda ati amene akudandaula ndipo ndi ati ali chete kumaloza malo ake enieni. Mukanati mungobwereza uthengawo katatu kuti awiri agonjetse mmodzi, mukanatumiza ma bit 12. Hamming anachita ndi 7. Kwa sensa ya batire kusiyana kumeneko n'kwakukulu, chifukwa bit iliyonse yotumizidwa imadya moto.

Vuto la m'fakitale n'lakuti zolakwa sizibwera chimodzichimodzi. Moto wa wowotcherera ukathetheka umafufuta ma bit ambiri ondondozana, ndipo njira yokonza cholakwa chimodzi pa gulu imagonja. Apa mainjiniya amasakaniza. Asanatumize amamwaza ma bit a gulu lililonse kuti asayende moyandikana: yoyamba ya gulu loyamba, yoyamba ya gulu lachiwiri, yoyamba ya lachitatu, mpaka magulu onse, kenako yachiwiri ya lililonse. Phokoso likafufuta ma bit asanu ondondozana ndiye kuti lalanda imodziimodzi ku magulu asanu, ndipo gulu lililonse likonza yake. Zili ngati mlimi wa minda isanu amene wabzala pang'ono pa mbewu iliyonse m'munda uliwonse: madzi akakokolola munda umodzi, palibe mbewu imene yatheratu.

Mu 1960 Irving Reed ndi Gustave Solomon anapeza njira ina yamphamvu kwambiri pa zolakwa zondondozana, ndipo ambirife taigwiritsapo ntchito osadziwa. Ndiyo imachititsa kuti CD yokandika pang'ono iziimbabe. Ilinso m'timabokosi ta QR timene timajambula ndi foni: ka QR kopangidwa pa mlingo wapamwamba kamawerengekabe ngakhale gawo lofika 30 peresenti litawonongeka. Ndipotu QR inabadwira m'fakitale. Kampani ya Denso Wave ya ku Japan inaipanga mu 1994 pofuna kulondola zipangizo za galimoto, m'malo amene mafuta ndi litsiro zimadetsa zolembedwa.

Nanga kasensa ka pathanki kamachita zotani kwenikweni? WirelessHART ndi ISA100.11a zonse zimayendera wayilesi ya mtundu umodzi, yotchedwa IEEE 802.15.4. Chitetezo chake choyamba chimafanana ndi zimene timachita pafoni netiweki ikavuta. Sitinena "B" yekha, timati "B wa Blantyre, D wa Dedza". Ngakhale mumve "antyre" yokha, mudziwa kuti si Dedza. Wayilesi imeneyi imatenga ma bit 4 aliwonse n'kuwatumiza ngati mndandanda wa timagawo 32. Mindandanda yovomerezeka ilipo 16 yokha, yosiyana kwambiri, kotero timagawo tingapo tikawonongeka wolandira amangosankha umene ukufanana kwambiri ndi zimene wamva.

Chachiwiri, phukusi lililonse la uthenga, limene silipitirira ma bit pafupifupi 1,000, limatha ndi ma bit 16 olondera otchedwa CRC, mbale wake wa mlonda wa pamita uja. Mlonda ameneyu sakonza kanthu, koma ndi watcheru kwabasi. Phukusi lowonongeka mwachisawawa lili ndi mwayi wa pafupifupi umodzi pa 65,000 woti limudutse. Akapeza cholakwa phukusi lonse limatayidwa. Wolandira salota kuti mwina sensa imafuna kunena zakutizakuti. Pamwamba pa CRC palinso chidindo chachinsinsi, chifukwa CRC amagwira phokoso koma sangagwire munthu amene wasintha uthenga dala n'kuwerengetsanso mlonda wake.

Chachitatu ndi kuyankha. Mu WirelessHART sekondi iliyonse imagawidwa m'timipata 100, ndipo sensa iliyonse imauzidwiratu kampata kake kolankhulira kuti zisalankhule zonse nthawi imodzi. M'kampata komweko wolandira ayenera kuyankha kuti wamva. Yankho likapanda kubwera, sensa imadziwa kuti uthenga sunafike ndipo imautumizanso. N'zofanana ndi zimene amachita ejenti wa Mpamba kapena Airtel Money wodziwa ntchito yake. Mukamuuza nambala sangodina; amakuwerengerani, n'kukuuzani dzina limene latuluka, mpaka muvomere.

Koma kubwereza mawu omwewo pamalo omwewo kuli ngati kufuula m'chigayo chikulira. N'chifukwa chake sensa imasintha tchanelo nthawi iliyonse ikamatumiza, kudumphadumpha pa matchanelo 15. Imodzi ikatsekedwa ndi Wi-Fi kapena ndi mafunde obwerera kuchokera ku zitsulo, inzake ingakhale yotseguka. Komanso masensa amalandizana uthenga, ndipo netiweki yokonzedwa bwino imapatsa sensa iliyonse anansi osachepera awiri otumizirako. Lole ikatseka njira imodzi, uthenga umadzera kwina. Makolo athu ankazidziwa zimenezi. M'midzi yambiri uthenga wa maliro sankatuma munthu mmodzi.

Zonsezi zili ndi mtengo wake. Mlonda aliyense wowonjezera amatalikitsa uthenga, uthenga wautali umadya batire, ndipo batireyo ikuyembekezeka kukhala zaka zingapo pamwamba pa thanki. Kutumizanso nako kumadya batire ndi nthawi. Choncho injiniya amasankha malinga ndi malo. Wayilesi ya LoRa, yotumizira kutali monga kuchokera ku zitsime ndi m'minda, imalola kuwonjezera ma bit kuyambira 1 mpaka 4 pa ma bit 4 aliwonse. Bluetooth 5, imene inatuluka mu 2016, imatha kutsitsa liwiro lake kuchoka pa ma bit 1,000,000 pa sekondi kufika pa 125,000 kuti uthenga ufike patali. Ukafuna kumveka bwino umalankhula pang'onopang'ono.

Nthawi ndiyo yovuta kwambiri. Sensa yoyeza kunjenjemera kwa mota ingathe kuchedwa mphindi imodzi popanda vuto. Koma yolondera nthunzi ikachedwa, uthenga wake ungafike uli woona koma wopanda ntchito. N'chifukwa chake ndondomeko zotetezera miyoyo m'mafakitale zimaika nambala yotsatizana pa uthenga uliwonse, komanso malire a nthawi. Malirewo akadutsa uthenga watsopano wolondola usanafike, makina sapitiriza ndi nambala yakale. Amadziika pamalo otetezeka, kutseka valavu kapena kuzimitsa moto. Ameneyu ndi 0 wa pa waya uja, wabwereranso atavala malaya ena.

Wina anganene kuti, ngati zili zovuta chonchi, bwanji osangokhala ndi waya? Funso lake n'lomveka, ndipo mafakitale ambiri amaterodi: zozimitsira makina pangozi amazisiya pa waya, wayilesi n'kuipatsa ntchito yoyang'anira. Komabe pali malo ambiri amene waya sanafikeko ndipo sadzafikako chifukwa cha mtengo. Kumeneko kusankha kuli pakati pa sensa ya wayilesi ndi munthu woyenda ndi kope kamodzi pa shifiti. Komanso waya payekha satsimikiza kuti nambala ndi yoona, monga mmene anthu a ku England anaonera.

Usiku wa Loweruka pa 10 Disembala 2005, petulo ankapopedwa kulowa mu Thanki 912 pa nkhokwe ya mafuta ya Buncefield, pafupi ndi tauni ya Hemel Hempstead, kumpoto kwa London. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha geji ya thankiyo inakakamira. Sinazime ayi, inangopitiriza kuonetsa nambala yomweyo pamene petulo akukwera. Maalamu ankadalira geji yomweyo, choncho sanalire. Switchi ina yapayokha, imene inayenera kuimitsa mafuta thanki ikadzaza, nayo sinagwire ntchito. Malita oposa 250,000 anasefukira, ndipo itangokwana 6 koloko m'mawa wa pa 11 Disembala mpweya wa petulo unaphulika. Anthu oposa 40 anavulala ndipo moto unayaka masiku asanu. Mwamwayi palibe anamwalira. Linali Lamulungu m'mawa, maofesi oyandikana alibe anthu ambiri. Ofufuza anapeza kuti gejiyo inali itakakamirapo ka 14 m'miyezi yosakwana inayi.

Geji ya ku Buncefield sinali ya wayilesi, ndipo uthenga wake sunawonongeke panjira. Unafika wathunthu. Mlonda aliyense wa mtundu wa CRC akanaulola kudutsa. Apa ndi pamene pali malire a masamu a Hamming ndi anzake: amatsimikiza kuti zimene zafika ndi zimene zinatumizidwa, koma sanena ngati zimene zinatumizidwazo ndi zoona. Mthenga angathe kunena mawu onse mosaphonya, koma ngati womutuma wanama, bodza lifika lathunthu. Bodza lotero limagwidwa ndi zinthu zina: sensa yachiwiri yosadalira yoyamba, pulogalamu ya kompyuta imene imadabwa ikaona kuti pampu ikuyenda koma thanki sikudzaza, ndiponso munthu amene geji ikakakamira koyamba amalemba lipoti, bwana n'kuliwerenga.

Tsono ogulitsa zipangizo akabwera kwa eni mafakitale athu, kumabodi a madzi ndi kumasikimu a mthirira, mafunso oyamba amakonda kukhala akuti zimafika mtunda wautali bwanji ndipo n'zandalama zingati. Ndi mafunso abwino, koma ine ndikanawonjezera ena. Uthenga ukasowa, sikirini imaonetsa chiyani: nambala yomaliza ngati kuti zonse zili bwino, kapena chizindikiro chakuti sensa yakhala chete? Kodi opareta angaone kuti nambala imene akuiona ndi ya masekondi angati apitawo? Sensa iliyonse ili ndi njira zingati? Netiweki inayesedwa makina onse akulira, kapena Lamulungu fakitale ili zii? Magetsi akazima jenereta n'kudzuka, pamatenga nthawi yaitali bwanji kuti masensa onse abwerere? Batire ikamatha imachenjeza? Nanga yatsopano ipezeka konkuno, kapena mpaka kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zosowazi?

Kwa inu achinyamata amene mukuphunzira zamagetsi ku MUBAS, ku MUST ndi m'makoleji a ntchito zamanja, phunziro ili musalione ngati masamu ongolembera mayeso. Netiweki ya masensa imasunga chiwerengero cha mauthenga amene atumizidwanso ndi amene atayika. Wamagetsi amene amawerenga manambala amenewo amadziwa kuti njira ina yayamba kudwala isanafe. Ndipo kwa inu antchito a pamakina, geji ikaonetsa nambala imodzimodzi kwa nthawi yaitali pamene mukudziwa kuti zinthu zikuyenda, musaitamande kuti yakhazikika. Ikayikireni, ndipo kaneneni.

Ine usiku uja ndinaikwiyira mita chifukwa inakana, chikhalirecho inandiuza zoona: sinamve bwino, ndibwereze. Chipangizo choyenera kuchiopa ndi chimene chimavomera chilichonse, chosadandaula, chokhala ndi nambala yokongola nthawi zonse. Kunyumba chotere chingangokusiyani ndi mpunga wosapsa. Koma pansi pa thanki ya petulo pamaima mwana wa munthu, atavala ovolosi, akukhulupirira kuti nambala imene ili pa sikirini ndi ya tsopano lino.